Dumisani Maraire, Mphunzitsi wa Mbira ndi Marimba (1944-1999)

Abraham Dumisani Maraire anabadwa m'chaka cha 1944 m'dera la Mutare, kum'mawa kwa dziko la Zimbabwe, lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Southern Rhodesia. Masiku amenewo sukulu zambiri za mishoni zinkaphunzitsa ana nyimbo za Azungu, ndipo ng'oma ndi mbira ankaziyesa zachikunja. Mwana ankasiya nyimbo za kwawo pakhomo la kalasi ngati nkhuli.

Maraire anakaphunzira za nyimbo pa koleji ya Kwanongoma mumzinda wa Bulawayo. Kolejiyi inatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kuti iziphunzitsa aphunzitsi a nyimbo za Chiafirika. Kumeneko ndi kumene anakonza marimba amene amaimbidwa m'sukulu za ku Zimbabwe, chida chofanana ndi mangolongondo kapena valimba. Anawapanga a misinkhu yosiyanasiyana, kuyambira a mawu aang'ono mpaka a besi, kuti ana ambiri aziimba pamodzi. Pa koleji yomweyo mkulu wina, Jege Tapera, ankaphunzitsa kalimba imene anaiphunzira kwa Anyungwe a ku Tete, ku Mozambique. Kalimba imeneyi ndi imene Maraire anaitchukitsa ndi dzina loti nyunga nyunga.

Chimene inu aphunzitsi muyenera kuchionetsetsa pa moyo wa munthuyu ndi njira yake yophunzitsira. Kale mwana ankaphunzira mbira pokhala pambali pa katswiri kwa zaka zambiri. M'kalasi ya ana 60 zimenezo sizingatheke. Maraire anapatsa dzino lililonse la kalimba nambala yake, kuchokera pa 1 mpaka 15, ndipo nyimbo ankailemba ndi manambalawo. Motero mwana wodziwa kuwerenga manambala akhoza kuyamba kuimba tsiku lomwelo, ngakhale asakudziwa zilembo za nyimbo za Azungu. Apa masamu ndi nyimbo zimayendera limodzi, chifukwa mwanayo amawerenga, amasunga ndondomeko pamtima, n'kuzindikira pamene chizungulire cha nyimbo chabwerera poyambira.

Nako kuimba pagulu kuli ndi phunziro lake. Mu nyimbo za Chishona wina amatsogolera, wina amalowa m'mipata imene mnzake wasiya. Wothamanga amasokoneza onse. Wamanyazi, amene sakweza dzanja m'kalasi, naye amapatsidwa mbali yake, ndipo akasiya gulu lonse limamva kuti pena paperewera.

M'chaka cha 1968 Maraire anapita ku Seattle, ku Amereka, kukaphunzitsa pa University of Washington mpaka 1972. Anakhalabe m'dera lomwelo akuphunzitsa ndi kuyambitsa magulu a marimba. Anabwerera kwawo mu 1982, patangotha zaka ziwiri dziko litalandira ufulu, kukakhazikitsa maphunziro a nyimbo za makolo pa University of Zimbabwe ku Harare. Pambuyo pake anapitanso ku Seattle kukatenga digiri ya udokotala, imene anaimaliza mu 1990. Nyimbo yake yotchedwa Mai Nozipo inajambulidwa ndi gulu la Kronos Quartet mu chimbale cha Pieces of Africa chomwe chinatuluka mu 1992.

Maraire anamwalira ku Zimbabwe pa 25 Novembala 1999 atadwala sitiroko. Mwana wake, Chiwoniso Maraire, amene anayamba kuimba mbira ali wamng'ono m'gulu la bambo ake, anatchuka ndi nyunga nyunga yomweyo mpaka imfa yake mu 2013.