Yi Sun-sin: ngwazi yomwe mfumu yake idaitsekera m'ndende

Tikamva za akuluakulu a nkhondo ya panyanja ambirife timangokumbuka Nelson wa ku Britain. Ine lero ndati ndikuuzeni za Yi Sun-sin wa ku Korea, amene kwa ine amaposa Nelson, poti iye ankamenyana ndi adani awiri: Ajapani kutsogolo, akazitape a kunyumba ya mfumu kumbuyo.

Yi adabadwa mu 1545. Mayeso a usilikali adawalephera koyamba mu 1572 atagwa pa hatchi n'kuthyoka mwendo, koma adakhoza mu 1576. Ana a sukulu mwamvatu.

Mu 1592 Toyotomi Hideyoshi wa ku Japan adatumiza asilikali ake ku Korea. Pasanathe mwezi mzinda wa Seoul udagwa, Mfumu Seonjo n'kuthawira kumpoto. Pamtunda zinthu zidali pwirikiti, koma panyanja Yi ankamiza zombo za Ajapani, ku Okpo, ku Sacheon ndi ku Hansan, mpaka chakudya ndi zida zidayamba kuvuta kufika kwa adaniwo. Zina mwa zombo zake zidali zofolera pamwamba ngati kamba, denga lake lodzaza ndi zisonga kuti mdani asalumphiremo. Ndipo a bizinesi imvani izi: boma litalephera kumupatsa chakudya chokwanira, Yi adauza anthu ake kulima, kuwedza nsomba ndi kuphika mchere kuti gulu lake lizidzidyetsa lokha.

Nanga malipiro ake? Mu 1597 kazitape wa Ajapani adanamiza akuluakulu a boma za njira imene zombo za adani zidzere. Mfumu idalamula Yi kuti akazitchingire. Iye adaona kuti ndi msampha, adakana. Basi, adamumanga, kumuzunza, kumulanda udindo n'kumusandutsa msilikali wamba. Mayi ake adamwalira masiku omwewo. Mpando wake adaupatsa Won Gyun, munthu yemwe ankamuneneza kwa mfumu. Won Gyun adatenga zombo n'kukatayitsa pafupifupi zonse ku Chilcheollyang, iye mwini n'kufera komweko.

Apa ndiye mfumu idakumbuka kuti kuli Yi. Manyazi bwanji! Adamubwezera udindo zombo zitatsala 13 zokha. Mu October 1597 adadikirira adani pa mpata wopapatiza wa Myeongnyang, pomwe madzi amathamanga mwaukali ndi kusinthasintha kolowera. Zombo za Ajapani zoposa 100 zidapanikizana pampatapo, pafupifupi 30 zidawonongeka, pomwe Yi sadataye ngakhale chimodzi.

Mu December 1598, ku Noryang, akupirikitsa Ajapani amene ankabwerera kwawo, chipolopolo chidamupeza. Adapempha kuti imfa yake ibisidwe kuopa kufooketsa anyamata ake, ndipo ng'oma ya nkhondo idapitiriza kulira mpaka adani atathawa.