Dr. Alexander Hetherwick, Woyamba Nchito ku Domasi

Ife okhala m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kumene mtsinje wa Domasi umathira madzi ace, sitingathe kuwerenga zaka za mpingo wathu osachula dzina la Dr. Alexander Hetherwick. Iye anabadwa m'caka ca 1860 ku Aberdeenshire, m'dziko la Scotland, nafika ku Blantyre m'caka ca 1883, ali mnyamata wa zaka 23.

Anafika pa nthawi yobvuta. Misyoni ya ku Blantyre, yoyambika mu 1876, inali itacita manyazi, popeza ena mwa oyambawo anaweruza milandu ndi kukwapula anthu ngati mafumu. Mbiriyo itamveka ku Scotland, iwo anacotsedwa pa nchito mu 1881. Koma Eklesia wa kumeneko sanaleke. Anatumanso David Clement Scott, ndi pambuyo pace Hetherwick. Ndalama za ulendo, za mabuku ndi za malipiro a aphunzitsi zinacokera m'zopereka za Akristu amene sanaone dziko lino ndi maso ao, ndipo sizinali kukwanira masiku onse.

Mu 1884 anatumidwa kudzayamba misyoni ku Domasi, m'dziko la mfumu Malemia, patsinde pa phiri. Masiku amenewo malonda a akapolo anali asanathe, ndipo mu 1895 nkhondo ya Kawinga wa ku Chikala inafika pafupi ndithu ndi misyoniyo.

Cimene tiyesa cacikuru mwa iye ndi ici: sanakonde kulalikira mwa womasulira. Anachera khutu kwa nkhalamba ndi kwa ana omwe kufikira anadziwa Ciyao, nasindikiza buku la cinenedweco mu 1889, namasuliranso Cipangano Catsopano m'Ciyao. Cinyanja naco sanacisiye. Mu 1929 anaturutsa buku la mau a Cinyanja, atakonzanso lija la Scott la 1892. Ife aphunzitsi tidziwa kuti liu limodzi losokonekera lisoceretsa kalasi yonse. Nanga munthu wolemba Mau a Mulungu m'cinenedwe cosakhala ca amace, kusamala kwace kunali kotani!

Mu 1898 anaitanidwa ku Blantyre kukalowa m'malo a Scott. Ena anena kuti iye anali wocedwa kuposa Scott popatsa anthu akuda udindo, ndipo sitiwatsutsa konse. Komabe m'masiku ace, mu 1911, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa, oyamba a anthu athu m'misyoni ya Blantyre. Anagwiranso nchito pamodzi ndi Dr. Robert Laws kulumikiza Blantyre ndi Livingstonia mu 1924, ndipo a ku Nkhoma analowa mu 1926. Ndico ciyambi ca C.C.A.P.

Itapita nkhondo ya John Chilembwe ya 1915, Azungu ambiri anafuna kuti sukulu zoyang'aniridwa ndi aphunzitsi akuda zitsekedwe. Hetherwick anaimirira pamaso pa ofunsa mlanduwo, nakanira aphunzitsi athu, nadzudzula Azungu osabweza moni pamene munthu wakuda awabvulira cipewa.

Anapuma nchito mu 1928, atatumikira zaka 45, nabwerera kwao. Anamwalira ku Aberdeen mu 1939. Pocoka iye, guwa la m'midzi yathu linali kale m'manja mwa abusa, akuru a mpingo ndi aphunzitsi a dziko lomwe lino.