Mbiri ya Amai Agnes, Amache a Dotolo Livingstone

Ife okhala ku Maselema, ku Ndirande ndi ku Bangwe titchula dzina la Blantyre tsiku ndi tsiku, koma owerengeka okha adziwa kumene linachokera. Aphunzitsi a Eklesia wa ku Scotland, pomanga misyoni kuno m'chaka cha 1876, anaitcha dzina la mudzi umene anabadwiramo Dotolo David Livingstone. Mwezi uno tifuna kukumbukira mai amene anambala.

Dzina lao linali Agnes Hunter. Anabadwa m'chaka cha 1782, nakwatiwa ndi Neil Livingstone m'chaka cha 1810. Amuna ao anali ogulitsa tiyi khomo ndi khomo, ndipo chuma analibe. Nyumba yao ku Blantyre wa ku Scotland inali ya chipinda chimodzi, mophikira momwemo, mogona momwemo. Anabala ana asanu ndi awiri. Awiri anamwalira ali makanda, natsala John, David, Janet, Charles ndi Agnes. David anabadwa pa 19 March 1813.

Chifukwa cha umphawi, David analowa ntchito yopota thonje ali ndi zaka 10. Ankayamba mamawa, naweruka usiku, napita kusukulu; pobwera anawerengabe kufikira pakati pa usiku, ndipo kawirikawiri amache anamlanda buku kuti agone. Mai ameneyu anafuna kuti mwana aphunzire, koma anasamaliranso thupi lache.

M'chaka cha 1840 David ananyamuka kudza ku Africa. Mmawa wa tsikulo banja lonse linadzuka kusanache. Amai anakonza khofi, David nawerenga Salmo 121, napemphera onse. Atate anamperekeza ku Glasgow, osaonananso naye, pakuti anamwalira m'chaka cha 1856, mwana wao asanabwere. Amai Agnes analindira zaka 16 kuti aone nkhope ya mwana wao.

M'chaka cha 1858 anatsazikanso David, ndipo Charles anapita naye ku Zambezi ndi ku Shire. Pamene ana ao awiriwo anali kuyenda m'dziko lathu lino, nafika ku Nyanja m'chaka cha 1859, nkhalambayi inali ku Hamilton pamodzi ndi ana ache akazi, kumene adzukulu anapeza kwao. Zisoni sizinaleke: mpongozi wao Mary anamwalira ndi malungo ku Shupanga m'chaka cha 1862, ndi mdzukulu wao Robert anafera ku nkhondo ya ku America m'chaka cha 1864.

Chimene anakhumba ndicho chakuti mmodzi wa ana ao aamuna awaike m'manda. Mulungu anawapatsa ichi. Anamwalira mu June 1865, ali ndi zaka 82, nyengo imene David anali kwao, ndipo iye anawaika pambali pa amuna ao. Patapita miyezi yowerengeka anabwerera ku Africa, namwalira kwa Chitambo m'chaka cha 1873.

Abale, Amai Agnes sanaoloke nyanja kudza kuno, sanalalikire m'midzi mwathu. Koma Uthenga umene tiwerenga lero unadzera m'chipinda chao chija. Monga Timoteo analandira chikhulupiriro kwa ambuye ache Loisi ndi amache Yunike, momwemonso David.

Inu amai ndi agogo amene mulera ana m'nyumba zopapatiza, amene ana anu anapita kutali kukafuna ntchito nakusiyirani adzukulu, musayese ntchito yanu yachabe. Pempherani nao madzulo, atumizeni kusukulu, ngakhale ufa uchepa m'nyumba. Ndipo inu ana okhala kutali, lemberani amai anu kalata, muwathandize akali ndi moyo, pakuti si onse apatsidwa mwai umene David anapatsidwa, wakufika tsiku lisanathe.