Abusa David Clement Scott (1853–1907): Banja la pa Mishoni ya Blantyre m'Zaka za Chipwirikiti

Munthu akachoka pakati pa mzinda wa Blantyre n'kulowera msewu wa ku Chileka, sayenda mtunda wautali asanaone tchalitchi cha njerwa zofiira cha St Michael and All Angels. Ambiri amadziwa kuti mwini luso limeneli adali Abusa David Clement Scott, amene sadapiteko ku sukulu ya zomangamanga. Chimene sichikambidwa kawirikawiri n'chakuti m'zaka zimene iwo adakhala pamalopa, dziko lozungulira lidali pa moto wa nkhondo ndi mikangano ya maufumu, ndipo abale amene adawatsatira kuchokera kwawo adatha mmodzimmodzi.

A Scott adabadwira ku Edinburgh m'dziko la Scotland m'chaka cha 1853, ndipo adaphunzira pa yunivesite ya mumzinda womwewo. Adafika ku Blantyre mu 1881 pamodzi ndi mayi a kunyumba kwawo, Isabella Bowie, amene ambiri ankawatchula kuti Bella. Malo amene adafikirawo adali ndi mbiri yoipa. Mishoniyi idakhazikitsidwa mu Okutobala 1876 pa malo amene Mfumu Kapeni idapereka, Henry Henderson ndi Tom Bokwito atawasankha, koma amishoni oyambirira adadzisandutsa boma: ankaweruza milandu, kukwapula anthu, ndipo munthu wina adamuwombera pomuganizira kuti wapha mnzake. Nkhaniyi itamveka ku Scotland, mpingo udaitanitsa Abusa Duff Macdonald, nuchotsa ntchito John Buchanan ndi George Fenwick. Maina awiri omalizawa adzamvekanso m'mbiri ino.

A Scott adayamba ndi kubweza ulemu kwa eni dziko. Adaphunzira Chimang'anja mwakuya, ndipo milandu ankaikamba pabwalo motsata mwambo, mafumu ndi nduna zawo ali pomwepo. Khomo lawo lidali lotsekukira aliyense. Mayi Scott ankaphunzitsa atsikana, kulera ana amasiye ndi akapolo othawa, ndi kulandira alendo amene sankatha pakhonde. Pang'onopang'ono mishoni idasanduka ya pachibale. Mlongo wawo wa Mayi Scott, Dokotala John Bowie, adasiya ntchito yabwino ku London nafika mu 1887. Henry Henderson adakwatira Harriet Bowie, wa bere limodzi ndi Mayi Scott, kotero kuti iye ndi a Scott adali okwatira pakhomo limodzi. Pambuyo pake padafikanso mng'ono wawo wa a Scott, Dokotala William Affleck Scott. Anzawo ena a mumpingo ankadandaula kuti banja limodzi lagwira mishoni yonse, ndipo dandaulolo silidali lopanda maziko. Komabe ubale womwewo ndi umene udawalimbitsa mtima pamene zinthu zidafika povuta.

Chaka cha 1884 ndicho chidayesa banjali koyamba. Mu Febuluwale, Fenwick uja, amene tsopano ankachita malonda, adakangana ndi Chipatula, mfumu ya Amagololo kuchigwa cha Shire, namuwombera ndi mfuti. Anthu a Chipatula adapha Fenwick, nalanda sitima ya Lady Nyassa ya kampani ya ku Mandala. Mtsinje wa Shire, umene udali njira yokhayo ya makalata, mankhwala, nsalu ndi mchere, udatsekeka. Azungu ochepa a ku Blantyre ndi ku Mandala adakhala miyezi ingapo ali chire, osadziwa ngati mawa kugwa nkhondo. Zinthu zidazizira chifukwa cha zokambirana ndi Kasisi, wotchedwanso Ramakukan, mkulu wa mafumu a Amagololo.

Mantha amenewa asanathe, padamveka mphekesera yakuti Angoni a Maseko akukonzeka kuoloka Shire. A Scott adasankha kupita okha kwa Inkosi Chikusi, ulendo wa masiku ambiri kutsidya kwa mtsinje, ndipo adatenga mkazi wawo. Lero nkhaniyi imamveka ngati yopepuka, koma pa nthawiyo kufika ndi mayi pabwalo la inkosi yankhondo chidali chizindikiro chimene aliyense akadachimvetsa popanda womasulira: mlendo wobwera ndi banja lake sanyamula nkhondo. Mayi Scott adavomera kuika moyo wawo pachiswe pa chifukwa chimenecho. Ulendowo sudaletse nkhondo. Chaka chomwecho Angoni adaolokadi, natentha midzi kuchokera m'madera a Zomba kufikira kufupi ndi Blantyre, ndipo anthu adathawira m'mapiri monga Ndirande ndi Soche. Ena mazanamazana adadzaza bwalo la mishoni. Ankhondo aja adafika pafupi, koma mishoni sadaikhudze, ndipo onse amene adabisala pamenepo adapulumuka. M'zaka zotsatira Angoni adayamba kubwera ku Blantyre ndi makasu kudzafuna ntchito, ndipo mu 1893 Harry Kambwiri Matecheta adatumizidwa kukayamba ntchito ya mpingo ku Panthumbi, pakati pawo.

Ntchito yomanga tchalitchi idayamba mu 1888. Panalibe pulani yojambulidwa yonse. Chigawo chilichonse ankayamba achiyesa ndi njerwa zosamata, chikaoneka bwino ndiye n'kuchimanga. Njerwa za mitundu 81 zidaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo m'zikombole za matabwa, ndipo manja amene adaziyala adali a anthu akuda amene adaphunzirira umisiriwo pakhoma lomwelo. Chaka chomwecho a Scott adayambitsa nyuzipepala ya mishoni yotchedwa Life and Work, imene pambuyo pake idadzakhala chida chawo pa ndale.

Khoma likukwera, Apwitikizi nawo ankakwera ndi mtsinje. Mu 1889 gulu lankhondo la Serpa Pinto lidalowa m'chigwa cha Shire nilimenyana ndi Amagololo. A Scott ndi mnzawo Alexander Hetherwick adalembera mpingo wa kwawo kuti uumirize boma la Britain kuchitapo kanthu, ndipo chikalata chosainidwa ndi abusa ndi akulu a mpingo oposa 11,000 chidaperekedwa kwa nduna yaikulu Lord Salisbury. Mu Seputembala 1889 John Buchanan, yemwe uja adachotsedwa ntchito pa mishoni koma tsopano ankagwirizira udindo wa kazembe, adalengeza kuti mapiri a Shire ali pansi pa chitetezo cha Britain. Mu Januwale 1890 boma la Britain lidalamula Apwitikizi kuti abwerere. Choncho n'zosabisa kuti a Scott adali mmodzi wa anthu amene adaitana ulamuliro wa Angerezi m'dziko lino.

Maliro adayamba nkhani imeneyi isanazizire. Mu Novembala 1890 Abusa Robert Cleland, amene ankatsegula mishoni ku Mulanje, adamwalira ndi malungo. Mu Januwale 1891 khanda la a Henderson lidadwala diphtheria, nthenda yotseka pakhosi. Dokotala Bowie, malume ake a mwanayo, adaboola kummero naika kapaipi kopumira, ndipo kapaipiko katatsekeka adayamwa zotsekazo ndi pakamwa pake, akudziwa bwino lomwe ngozi yake. Mwanayo adamwalira. Mayi ake, Harriet, adadwala namwaliranso, ndipo Bowie, amene adawathandiza ali wodwala kale, adatsatira pasanapite masiku ambiri. Henderson, atasweka mtima, adanyamuka ulendo wa kwawo, koma adathera ku Quelimane mu Febuluwale. M'milungu yowerengeka Mayi Scott adataya mlongo wawo, m'bale wawo, mwana wa m'bale wawo ndi mlamu wawo. Tchalitchi chidapatulidwa pa 10 Meyi 1891, manda a pa mishoni akadali auwisi, ndipo mwezi womwewo dziko lidalengezedwa kukhala pansi pa Britain.

Boma limene a Scott adaliitana silidakhale limene ankaliyembekezera. Bwanamkubwa Harry Johnston ankayendetsa ntchito ndi ndalama za kampani ya Cecil Rhodes, mapaundi 10,000 pachaka, ndipo a Scott adaopa kuti dziko lino ligwera m'manja mwa kampaniyo ndi atsamunda a ku Kapa. Kudzera mu Life and Work adadzudzula msonkho wa mashiling'i 6, umene pambuyo pake udatsitsidwa kufika pa 3. Adadzudzula kulanda malo kwa eni minda ya khofi, kutentha midzi, ndi nkhondo zothira mafumu a Chiyao popanda kuyamba kukamba nawo mlandu. Johnston adawadandaulira ku London kangapo. Pa nthawi imeneyi nyumba ya abusa idali ngati yopatulidwa pakati pa Azungu anzawo, amene ambiri a iwo sankakondwa kuona anthu akuda akumwa tiyi patebulo la mzungu.

Iwo sadabwerere m'mbuyo. Mu 1892 adasindikiza dikishonale yawo yaikulu ya Chimang'anja, imene sinkangomasulira mawu okha koma inkafotokozanso miyambo, milandu, magule ndi zikhulupiriro za anthu, ndipo Hetherwick adadzaikonzanso mu 1929. Adapatula madikoni achikuda asanu ndi awiri nawapatsa mphamvu zenizeni zoyendetsa mpingo. Ena mwa iwo adali Matecheta, Mungo Murray Chisuse, katswiri wa kusindikiza mabuku ndi kujambula zithunzi, ndi John Gray Kufa, wothandiza pa chipatala. Chikhulupiriro chawo chidali chakuti mpingo wa mu Africa uyenera kukhala wa Aafirika, ndi kuti akuda ndi oyera ayenera kudya Mgonero patebulo limodzi.

Chaka cha 1895 chidamaliza zimene 1891 idayamba. Mfumu Kawinga itaopseza dera la Domasi, William Affleck Scott adapita ndi asilikali a boma ku phiri la Chikala monga dokotala, navumbwa ndi mvula masiku angapo. Adabwerako ali ndi malungo oopsa, namwalira mu Malichi. Chaka chomwecho Mayi Scott, amene adapirira zaka 14 za malungo, nkhondo ndi maliro, nawonso adatsikira kuli chete. Mwa abale onse amene adasonkhana pa mishoni, adatsala ndi a Scott okha. Mu Okutobala 1896 asilikali a boma adapha Inkosi Gomani, mwana wa Chikusi amene adalandira banjali pabwalo lake, ndipo mishoni idadzudzula nkhondoyo poyera.

Nkhonya yomaliza idachokera kwawo. Ena mumpingo wa ku Scotland adawaneneza kuti sakuyendetsa bwino chuma, ndi kuti mapemphero a ku Blantyre, okhala ndi kwaya yovala mikanjo, akupendekera ku miyambo ya mipingo ina. Kafukufuku wa mu 1897 sadawapeze ndi mlandu waukulu, koma thanzi lawo lidali litatheratu. Adachoka ku Blantyre mu 1898, nasiya udindo m'manja mwa Hetherwick.

Mu 1901 mpingo udawatumiza ku Kikuyu m'dziko la Kenya, kumene adapita ndi mkazi wawo wachiwiri, Edith Ruffelle, amene dzina lake adaliphatikiza pa lawo. Nayenso adawaika m'manda kumeneko. Ku Kikuyu adatenga malo aakulu olimapo kuti mishoni izidzidalira, chinthu chovuta kuchigwirizanitsa ndi mawu awo a ku Blantyre otsutsa kulanda minda ya anthu, ndipo ulimiwo udasiya ngongole. Adamwalira mu Okutobala 1907 ali ndi zaka 54, naikidwa ku Thogoto.

Ku Blantyre ntchito idapitirira ndi anthu amene iwo adawalera. Sukulu ya Henry Henderson Institute idatsegulidwa mu 1909. Matecheta adadzozedwa ubusa mu 1911 pamodzi ndi Stephen Kundecha. John Gray Kufa adaphedwa ndi boma mu 1915 chifukwa chotenga mbali pa kuukira kwa John Chilembwe, ndipo atsamunda adaloza chala maphunziro a pa mishoni.