CECIL RHODES, MWINI CHUMA AMENE ANALIPIRA NKHONDO ZA KU FORT JOHNSTON

Anthu a m'boma la Mangochi amadziwa kuti tauni yao inayamba ngati linga la asilikali lochedwa Fort Johnston, ndipo sanaiwale maina a mafumu Mponda, Makanjira ndi Jalasi amene analimbana ndi Angelezi kumwera kwa nyanja. Koma ndi owerengeka amene amafunsa kumene kunachokera malipiro a asilikali aja. Pa zaka zoyamba ndalamazo sizinaturuke m'thumba la Boma la Mangalande ai. Zinachokera ku kampani ya Cecil John Rhodes, munthu amene sanapondepo phazi pa mchenga wa nyanja yathu.

Rhodes anabadwa mu 1853 ku Bishop's Stortford, ndipo atate ache anali mbusa. Pokhala wodwaladwala, anamtumiza ku Natal mu 1870 kukalima thonje ndi mkulu wache, koma chaka chotsatira anathamangira ku Kimberley kumene kunapezeka miyala ya dayamondi. Kumeneko anaona msanga kuti okumba akachuruka, aliyense nagulitsa payekha, mtengo umagwa. Chotero anayamba kugula maenje a anzache limodzi limodzi, mothandizidwa ndi banki ya Rothschild, mpaka anameza ndi mdani wache wamkulu, Barney Barnato. Mu 1888 anakhazika kampani ya De Beers Consolidated Mines, imene inachepetsa dala miyala yopita kumsika kuti mtengo usatsike. Anchito achikuda ankawatsekera m'mipanda mpaka nthawi ya pangano lao itatha.

Nzeru yache yachiwiri, imene itikhudza ife, inali ya kakhalidwe ndi Boma. Analowa m'Nyumba ya Malamulo ya ku Cape mu 1881, nakhala Nduna Yaikulu mu 1890, koma osataya malonda ache. Anazindikira kuti Lord Salisbury ndi anzache ku London anafuna maiko a mu Africa, komabe sanafune kuonongerapo ndalama za msonkho wa kwao. Rhodes anadzipereka kulipira, malinga Boma limbwereke mbendera ndi mphamvu. Atatenga pangano la migodi kwa Lobengula mu 1888, anaika anthu omveka monga Duke of Abercorn ndi Duke of Fife pa mipando ya kampani yache, ndipo mu October 1889 British South Africa Company inalandira chikalata cha Mfumukazi Victoria cholola kulamulira maiko.

M'chaka chomwecho anakomana ndi Harry Johnston ku London, nampatsa cheke cha £2,000 kuti akapangane ndi mafumu a kunyanja Apwitikizi asanafikeko. Rhodes anayembekeza kuti dziko lonse lino lidzalowa m'manja mwa kampani. Amishoni a ku Scotland ndi azungu ena a ku Blantyre anakana, ndipo mu 1891 dziko linaikidwa pansi pa chitetezo cha Boma la Mangalande. Koma a zachuma ku London anaumirabe, ndipo panapangidwa pangano lodabwitsa: kampani idzipereka £10,000 pa chaka za asilikali, Johnston nayang'anirenso dziko la kampani kumpoto kwa Zambezi. Motero nthumwi ya Mfumukazi inatumikira ambuye awiri.

Ndi ndalamazo Johnston anaitanitsa asilikali pafupifupi 70 a ku India, otsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire. Kunyanja anayambira kwa Mponda, ndipo chifukwa chache nchoonekeratu: mudzi wache unali pamene Shire aturukira m'nyanja, ndipo wogwira malo amenewo ndiye anali ndi khomo la sitima zonse zopita kumpoto. Mu 1891 anaombera mudziwo ndi mizinga namanga linga tsidya lina la mtsinje. Makanjira anali wina. Mu December 1891 Maguire anaphedwa poyesa kutentha zombo zache, ndipo mu 1892 Jalasi anathamangitsa asilikali m'mapiri a Mangochi nawalanda mzinga. Ndalama zitachepa, Johnston anapita kwa Rhodes mu 1893 nalandiranso £10,000 zina za nkhondo ya Makanjira yokha. Asilikali ena anabwera, mudzi wa Makanjira unagwa, ndipo pamalopo panamangidwa Fort Maguire. Nkhondo zotsiriza zinamenyedwa mu 1895.

Tisabise kanthu apa. Mafumu amenewa anagulitsadi akapolo, ndipo anthu ambiri anaomboledwa m'magoli. Koma anagulitsanso minyanga, nasunga madooko a nyanja, ndipo anaponyera ufulu wa dziko lao. Rhodes naye sanali kupereka mphatso. Poona m'mene anachitira ku Kimberley, tiyesa kuti £10,000 zija anaziwerenga ngati mtengo wogulira dziko pang'onopang'ono.

Umboni wache ndi mkangano umene unabuka pakati pa iye ndi Johnston mu 1893, pamene Rhodes anaona kuti kampani ilipira koma malo ndi ulamuliro zikhalabe kwa Boma. Ubwenzi wao unathera pomwepo. Pangano latsopano linapangidwa mu 1894, ndipo kuyambira 1895 kampani inadzilamulira yokha dziko la kumadzulo, limene lero ndi gawo la Zambia, pamene Boma la Mangalande linasenza katundu wa dziko lino. Komabe kampani sinachoke chimanjamanja. Inali itagula kale gawo lalikulu la kampani ya Mandala, ndipo kupyolera m'mapangano a Mandala ndi mafumu inatenga maekala oposa mamiliyoni awiri ndi theka ku North Nyasa, pamodzi ndi mphamvu pa miyala ya pansi. Waya wa lamya wa Rhodes, umene anafuna kuti ukafike ku Cairo, unapyola ku Blantyre ndi ku Fort Johnston kunka ku Karonga.

Kugwa kwache kunadza chifukwa cha kusakaniza komweko kwa malonda ndi Boma. Kumapeto kwa 1895 bwenzi lache Dr. Jameson analowa ku Transvaal ndi asilikali a kampani kuti akagwetse Boma la Mabunu, kumene kunali migodi ya golide ya Rhodes. Anagonja nagwidwa, ndipo mu January 1896 Rhodes anatula pansi udindo wa Nduna Yaikulu. Anamwalira mu March 1902 ku Muizenberg ali ndi zaka 48, naikidwa m'mapiri a Matobo. Malo a ku North Nyasa kampani inawabweza m'zaka za m'ma 1930, koma pobweza inasunga mphamvu yache pa miyala ya pansi pa nthaka.