Dr. John Kirk, Dotolo Amene Anaona Mphamvu ya Kombe pa Mtima

Munthu woima pa Balaka nayang'ana kumadzulo amaona mtandadza wa mapiri otchedwa Kirk Range. Ana a sukulu amaloweza dzinali m'phunziro la mapu, koma ndi owerengeka amene amadziwa kuti mwini dzinalo anali dotolo, ndiponso kuti chimene iye anachiona m'chigwa cha Shire chinapatsa zipatala za ku Ulaya mankhwala a mtima.

John Kirk anabadwa pa 19 December 1832 ku Barry m'dziko la Scotland, ndipo atate wache anali mbusa wa mpingo. Anaphunzira udotolo ku Edinburgh natsiriza m'chaka cha 1854, pambuyo pache anatumikira odwala pa nkhondo ya ku Crimea. Popeza anali wodziwanso za mitengo ndi zitsamba, m'chaka cha 1858 anasankhidwa kuti atsagane ndi Dr. David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi.

Mu April 1859 awiriwa anafika ku nyanja ya Chilwa, ndipo mu September chaka chomwecho anaona nyanja ya Malawi. Mu 1861 anakwera Shire ndi bwato, napyola pakati pa maiko amene lero ali maboma a Machinga ndi Balaka. Ponseponse Kirk anali kutola masamba ndi njere, kufunsa eni dziko maina ache ndi ntchito zache, ndi kulemba zonse m'buku.

Alenje Achimang'anja anali kupaka ulembe ku mibvi yao, ndipo nyama yolasidwa inali kugwa isanapite kutali. Ulembewo anali kuupanga ndi njere za mtengo woyanga wotchedwa kombe. Tsiku lina Kirk anatsuka mano ndi mswachi umene unakhala m'thumba limodzi ndi ulembe pang'ono. Anamva kuwawa m'kamwa, nayesa kuti ndi kwinini. Koma mtima wache, umene unali kugunda mofulumira chifukwa cha chimfine, unayamba kugunda pang'onopang'ono. Wina akadangoti chimfine chatha. Iye pokhala dotolo wozolowera kuwerenga kugunda kwa mtsempha, anazindikira kuti ulembewo umagwira mtima.

Njere za kombe zinatumizidwa ku Britain. Akatswiri a zomera anautcha mtengowo Strophanthus kombe, kusunga dzina la eni ache. Dr. Thomas Fraser wa ku Edinburgh anaufufuza zaka zambiri natulutsamo mankhwala otchedwa strophanthin, ndipo mu 1885 anauza madotolo anzache kuti mlingo wochepa kwambiri umalimbitsa mtima wolefuka. Kuyambira pamenepo njere za kombe zinakhala malonda otuluka m'dziko muno. Lero madotolo ali ndi mankhwala ena oposa amenewo, ndipo kombe ndi ululu wakupha umene munthu sayenera kuulawa.

Kirk anachoka ku Zambezi mu 1863. Mu 1866 anapita ku Zanzibar monga dotolo wa boma la Britain, ndipo pambuyo pache anakhala kazembe. Nkhanza za malonda a akapolo zimene anaziona m'mbali mwa Shire sanaziiwale, ndipo mu 1873 anakakamiza Sultan Barghash kusaina pangano lotseka msika wa akapolo wa ku Zanzibar. Anamwalira pa 15 January 1922 ku Sevenoaks, England, ali ndi zaka 89.

Mankhwala a kombe anali kuthandiza munthu amene mtima wache waonongeka kale, amene miyendo yatupa ndipo mpweya ukumthera. Kafukufuku wa masiku ano akufuna kupeza nthendayo munthu asanamve kanthu, ndipo njira yache ndi yomwe ija ya Kirk, ndiyo kuyeza m'malo modikira ululu.

Nthenda imodzi yotere imayamba ndi zironda za pakhosi mwa ana a msinkhu wa sukulu. Zirondazo zikapanda kuchiritsidwa ndi penisilini, thupi pomenyana ndi tizirombo limabvulazanso zitseko za m'kati mwa mtima, ndipo mwana angathe kukhala zaka zambiri akusewera bwino pamene zitsekozo zirikuuma. Mu 2007 madotolo anafalitsa zimene anapeza ku Maputo: pomvetsera mtima ndi chipangizo cha m'makutu anapeza ana 2 odwala pa 1,000 alionse, koma pounika ndi makina oonetsa chithunzi cha mtima anapeza 30. Kafukufuku wa ku Lilongwe wofalitsidwa mu 2016 anaunika ana 1,450, napeza nthenda yobisikayi mwa ana 34 pa 1,000 alionse. Ku Gulu m'dziko la Uganda, zotsatira za mu 2021 zinaonetsa phindu la kudziwa msanga: mwa ana olandira jakisoni wa penisilini masabata anai alionse kwa zaka ziwiri, nthenda inakula mwa 8 okha pa 1,000, pamene mwa osalandira inakula mwa 82.

Akulu nawonso ali ndi nthenda yao yosamveka, ndiyo kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 kufikira 64 anali nayo, ndipo ochuluka a iwo sanali kudziwa konse.

Chotero mphunzitsi wa ku Ntaja kapena ku Ulongwe, akaona mwana wodandaula pakhosi ndi kutentha thupi, kapena wotupa mfundo za miyendo, achite changu kuuza makolo kuti apite naye kuchipatala. Kalaliki wa pa boma amene akudzimva wamphamvu asadikire mutu kapena chizungulire, koma apite kukayezetsa magazi ache. Kirk anapeza mphamvu ya kombe chifukwa anawerenga kugunda kwa mtima wache pa tsiku limene anali kudwala chimfine chabe.