Mbiri ya Ibn Khallikan, woweruza amene anasunga mayina a anthu akale

Anzathu a m'kalabu, ulendo uno tikukambirani za munthu amene anamwalira zaka zoposa 700 zapitazo koma buku lake likuwerengedwabe. Dzina lake ndi Ibn Khallikan.

Iyeyu anabadwa m'chaka cha 1211 mumzinda wa Erbil, m'dziko limene lero ndi Iraq. Bambo ake anali mphunzitsi wa malamulo a Chisilamu, koma anamwalira mwanayo akadali wamng'ono. Atakula anakaphunzira ku Aleppo ndi ku Damascus, kenaka anapita ku Cairo kumene ankathandiza woweruza wamkulu. Iye ankatsata chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chomwe Asilamu ambiri a ku Niassa, Nampula ndi Cabo Delgado amatsatanso.

Mu 1256, ali ku Cairo konko, anayamba kulemba buku lotchedwa Wafayat al-A'yan, kutanthauza imfa za anthu otchuka. Ntchitoyo inayamba yaima mu 1261 pamene anamusankha kukhala woweruza wamkulu ku Damascus. Patapita zaka 10 anamuchotsa pampandowo. Kuchotsedwako kunamupweteka, komatu n'kumene kunamupatsa mpata: anabwerera ku Cairo, nayamba kuphunzitsa, namaliza bukulo mu 1274. Anamubwezera paudindo mu 1278, anamuchotsanso, ndipo anamwalira ku Damascus mu 1282.

Kodi m'bukumo muli chiyani? Muli mbiri za anthu oposa 800: akatswiri a chipembedzo, oweruza, alakatuli, mafumu ndi nduna zawo. Anawandandalika motsata zilembo za mayina awo kuti munthu asavutike pofufuza. Chimene chinamutchukitsa ndi kusamala kwake. Ankalemba za munthu pokhapokha atadziwa bwino nthawi imene munthuyo anamwalira, ndipo pa mayina ovuta ankafotokoza katchulidwe kake kuti okopera buku pamanja asalakwitse. Masahaba a Mtumiki ndi makhalifa sanalembe zambiri za iwo, poona kuti mbiri zawo zinali kale m'mabuku ena.

Kwa zaka mazana ambiri, amene sadziwa Chiarabu ankangomva za bukuli. Amene analimasulira m'Chingelezi ndi William MacGuckin de Slane, wobadwira ku Belfast mu 1801 koma wokhala ku France. Mabuku 4 a kumasulirako anatuluka ku Paris pakati pa 1842 ndi 1871, ndiye kuti ntchitoyo inadya zaka pafupifupi 30. Chingelezi chake n'chachikale ndithu, koma lero mabukuwa akupezeka pa intaneti mwaulere. Mabuku ambiri a mtundu umenewu sanamasuliridwe, n'chifukwa chake ophunzira amadalirabe de Slane.

Tikakumana mlungu wamawa tidzakambirane funso ili: mashehe, aphunzitsi ndi mafumu a m'dera lathu lino amene anatisiya, alipo amene analemba chaka chimene anamwalira? Amene muli ndi agogo kunyumba, kawafunseni, mubwere ndi zimene akuwuzeni.